Chilembo cha Ulemu

Mawu a amuna anga ndinawaiwala Lachiwiri lina la mu Januwale, ndili kumunda ndikubandira kachewere. Nkhope yawo ndinali nayo yonse, mpaka kachipsera ka pachibwano. Kayendedwe kawo kokokera mwendo wakumanzere ndinali nako. Koma nditafuna kumva mmene ankayambira pemphero la chakudya, m'mutu munangoti zii. Ndinayesanso. Mawu amene anabwera anali anga omwe, ndikudzikulitsa kukhosi ngati mwana wotsanzira bambo ake. Ndinachita mantha oposa a tsiku la maliro. Ndinasiya khasu pamzere pomwepo n'kuuyamba wa kunyumba, matope ali m'miyendo.

Panali patapita miyezi isanu ndi iwiri chimwalirireni. Anatisiya mu Juni, nthawi imene kuno ku Ulongwe wa kumapiri, pafupi ndi malire a ku Dedza, madzi a mundowa amaluma zala. Mwana wathu ndi mmodzi yekha, Yara, ndipo amagwira ntchito kudoko ku Beira. Atabwera kumaliro anakhala nane masabata awiri n'kubwerera. Achibale ena onse anabalalika mwambo utangotha, aliyense akulonjeza kuti azidzandiona. Ndikuwadikirabe.

Amuna angawo anali mphunzitsi wa makompyuta, ndipo matenda a ntchito yawoyo anabwera nawo kunyumba. Mawaya kudenga, mawaya kuseri kwa kabati, mawaya mpaka pamene ndinkafuna kupachika chithunzi cha ukwati. Pansi pa tebulo la pabalaza anaikapo kompyuta yakalekale, bokosi lakuda lopanda galasi loonerapo, lopanda podina, longolira chapansipansi tsiku lonse. M'bokosi limenelo ankasungamo mawu awo. M'mawa uliwonse ankatuluka pakhonde, n'kusuzumira m'kabotolo koyezera mvula, n'kuyamba kulankhula ndi foni: lero ndi tsiku lakuti, mvula yagwa yochuluka mwakuti, mbewu zili mwakuti. Akamaliza ankatumiza mawuwo m'bokosi muja. Zaka zisanu ndi chimodzi akuchita zimenezo. Ine ndinkawanena, sindibisa. Ndani angamusiye mwamuna wamkulu, waimvi, akucheza ndi botolo?

Tsiku lina anatenga foni yanga n'kuikamo kachizindikiro kobiriwira.

"Mukadzandisowa mudzadine apa," anatero.

"Ndikusoweni mukupita kuti? Tabweretsani foni yangayo."

Atamwalira sindinadinepo ngakhale kamodzi. Ndinali nditakwiya nawo. Anthu amaganiza kuti namfedwa amangolira, koma ine ndinali ndi mkwiyo wodzaza mtima, chifukwa munthu wodziwa mvula ya chaka chonse analephera kudziwa tsiku lopita kuchipatala. Ndinkati ndidzadina ndikadzawakhululukira. Bokosilo sindinalizime, ndinkangolipukuta fumbi Loweruka lililonse.

Mu Disembala mphezi inagwa pa bulugamu wa kuseri kwa nyumba n'kuotcha rauta, kabokosi kokhala ndi tinyanga kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Popanda kameneko sindikanamaonana ndi Yara pafoni, choncho ndinaitana Armindo, wokonza mafoni kumsika, kuti abweretse katsopano. Analumikiza, analowetsanso waya wochokera ku bokosi lakuda lija, kenaka analigogoda ndi nsonga ya nsapato.

"Ichi n'chakale, amayi. Ndipatseni ndikachiforomate, chikhale ngati chatsopano."

"Kuforomata n'kutani?"

"Kufufuta zonse zili m'katimo."

Ndinamuonetsa khomo. Tiyi amene ndinali nditamuthirira ndinamwa ndekha.

Ndiye Lachiwiri limenelo, nditachoka kumunda kuja, ndinakhala pampando osasamba n'komwe, n'kudina kachizindikiro kobiriwira. Kagudumu kanazungulira pafoni, kanazungulira, kenaka panabwera mawu a Chipwitikizi akuti tsambalo silikupezeka. Ndinadina kachiwiri. Ndinadina mpaka chala chinasiya thope pagalasi. Kenaka ndinaimbira Yara.

"Mamã, kalma," anatero nditamaliza kukalipa. "Bokosi la papá likulira?"

"Likulira."

"Kanyale kake kakuyaka?"

"Kakuyaka."

"Ndiye mwina n'lamoyo. Vuto ndi lakuti foni yanu siikudziwanso kumene lili."

"Lili pansi pa tebulo, iwe. Ndikuliona ndi maso angawa."

Anaseka, ndipo kusekako kunandipweteka chifukwa amaseka ngati bambo ake, koma ndi mawu aakazi. Kenaka anandifotokozera pang'onopang'ono. Chinthu chilichonse cholowa pa rauta, kaya foni kaya kompyuta, chimapatsidwa nambala, ndipo nambalayo ndiyo keyala yake m'nyumbamo. Koma nambalayo ndi yobwereka. Rauta imagawa ngati mipando ya m'chapa, timinibasi tathu tija: wafika poyamba wakhala, ukatsika pakhala wina.

"Rauta yakale ija papá anaiuza kuti bokosi lawo lizikhala pa endereso imodzi, keyala imodzi, nthawi zonse," anatero. "Kachizindikiro kanuko kakugogoda pa endereso yakaleyo. Rauta yatsopanoyi siiwadziwa papá."

Ankanena za makina, ndikudziwa, koma mawu amenewo anandilowa ngati munga.

"Mamã, mulipo? Sabata ino kuno ku serviso ntchito yavuta. Lamulungu ndikhala nanu pafoni, tilifunefune."

Masiku asanu si ambiri, koma kwa munthu wokhala yekha ndi aatali. Ndinkaphika chakudya cha munthu mmodzi m'poto wa anthu atatu. Masana mvula ikamagwa ndinkakokera mpando pafupi ndi tebulo n'kuika dzanja pa bokosilo. Linali lofunda. M'nyumba yonseyo, kupatula ine, chinthu chofunda chinali chimenecho. Ndinkayesa kukumbukira mawu aja mwa kuba, ndikuchita ngati ndikuganiza zina, koma sanabwere. Ndinkakumbukira zimene ankanena, osati mmene zinkamvekera.

Lamulungu nditabwera ku Misa, Yara anaimba. Anandiuza kuti ndiike foni pamawu okweza, nditembenuze rauta chagada, ndiwerenge kapepala komatidwa pansi pake. Panali nambala yolowera ndi mawu achinsinsi. Ndinalakwitsa kanayi, chifukwa zilembo zake anazilemba za maso a ana. Kachisanu tsamba linatseguka.

"Pezani pamene alemba zinthu zolumikizidwa," anatero Yara. "Mundiwerengere lishita yonse."

Panali mizere itatu. Woyamba unali foni yanga. Wachiwiri unalembedwa kuti Cacilda Bonita.

"Ameneyo ndani?"

"Cacilda wa pafupi apayu, wogulitsa kachewere ku Kalomwe. Anandipempha senya, mawu achinsinsi olowera pa intaneti yanga."

"Bonita? Ati wokongola?"

"Wadzitcha yekha. Palibe wina angamutche."

"Nanga wachitatu?"

Wachitatu unali ndi nambala yothera 102, ndipo pa malo a dzina panalembedwa kuti Desconhecido. Chipwitikizi changa n'chongotola, sukulu yanga ndinaphunzira ku Dedza tili othawa nkhondo, koma liwu limenelo ndimalidziwa. Wosadziwika. Munthu wobwera.

"Ndi limenelo," anatero Yara. "Ndi bokosi la papá."

Ndinapsa mtima. Munthu anamanga nyumba ino ndi njerwa zoumba yekha, anakoka waya uliwonse ndi manja ake, lero kabokosi kobwera dzana kakumutcha wosadziwika, pamene Cacilda wokhalira kuseri kwa mpanda ali ndi dzina, n'kuwonjezanso kukongola. Ndinalemba nambalayo pachikuto cha buku la nyimbo. Yara anali akuyamba kundiuza polemba pafoni pamene kanyale ka rauta kanathima. Bokosi lakuda linasiya kulira. Mawu a Yara anadukira pakati pa liwu. Magetsi anali atapita.

Anabwerera dzuwa litapendeka. Ndinadikira kuti bokosi liyambenso kulira, n'kulemba nambala ija pafoni monga ndinamvera, chilembo ndi chilembo, kadontho ndi kadontho. Kagudumu kaja kanazunguliranso, ndipo tsambalo silinapezeke. Ndinaimbira Yara koma sanayankhe. Ndinatseka buku la nyimbo n'kupita kukatsekera nkhuku.

Anaimba Lachitatu masana, pa nthawi yake ya chakudya. Kumbuyo kwake kunkamveka magalimoto ndi anthu akuitanizana.

"Ndili ndi mphindi makumi awiri, mamã. Tsegulaninso lishita ija."

Ulendo uno ndinali nditakonza pensulo kuti ndizilemba njira yonse. Tsamba litatseguka ndinaona zimene zinachitika. Nambala yothera 102 inali tsopano ya Cacilda Bonita. Wosadziwika uja anali atakankhidwira pa 103.

"Mwaona?" anatero Yara. "Enerjiya itabwera, foni ya Cacilda inadzuka msanga n'kukhala pampando. Bokosi la papá n'lokalamba, limachedwa. Tikamathamangitsana ndi manambala tizichita zimenezi tsiku lililonse. Tilipatse malo ake okhazikika, ndiponso tilipatse dzina. Foni yanu izingoitana dzinalo, rauta izidziwa yokha kumene lili."

Anandiyendetsa. Pambali pa nambala yobwereka ija panali nambala ina yaitali, yosakaniza ndi zilembo. Yara anati imeneyo ndi yobadwa nayo, siisintha mpaka bokosilo lidzafe, ndipo rauta imalizindikira ndi imeneyo. Ndinadina pamene panalembedwa kuti reservar, kutanthauza kulisungira malo. Ndinasankha nambala yothera 50, kutali ndi pamene mafoni amakanganirana. Kenaka panatsala kampata kamodzi koyera, pamwamba pake patalembedwa kuti Nome.

"Pamenepo lembani dzina la papá," anatero.

"Nzunga?"

Umenewo ndi mfunda wawo, ndipo ndi umene ndinkawaitanira: a Nzunga. Iwo ankandiitana ndi wanga, Nangozo.

"Ayi mamã, Nzunga ndi mtundu wonse. Ndalemba kale uthenga woti mudzadine. Dzina lawo lenileni, la pa bilyeti, chiphaso chawo chija. Pascoal."

Analitchula ngati akutchula dzina la sopo. Ana a masiku ano pakamwa pawo palibe chitseko.

"Iwe, dzina limenelo sindinalitchulepo."

"Simukulitchula, mamã. Mukulilemba."

Iye sangamvetse. Ndinakwatiwa mu 1991, m'kanyumba kaudzu ka kutsidya kwa malire, ndipo azakhali anga, pondilangiza, anandiuza zinthu zambiri zimene ndinaziiwala sabata yomweyo. Chimodzi chokha chinakhala: dzina la mwamuna wako si loseweretsa pakamwa. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndinakangana nawo amuna aja pa chilichonse, pa mchere, pa mawaya, pa achibale awo, ndinawanena mawu amene wansembe anatsokomola atawamva, koma dzina lawo silinatuluke m'kamwa mwanga. Titabwerera kuno nkhondo itatha, kalaliki wa kuboma anandifunsa dzina la mwamuna wanga, ine ndinangomukankhira chiphaso chawo. Kuchipatala, tsiku lomaliza, namwino anafunsanso, ndinamupatsa pepala. Pamtanda wa kumanda analemba ndi anthu ena.

"Mamã, nthawi."

Ndinapukuta chala pachitenje n'kulemba, monga mmene munthu woleredwa amalembera dzina la munthu wamkulu. Makinawo anakana, anafiira, akuti safuna mpata pakati pa zilembo. Ndinachotsa mpatawo. Anavomera.

"Ndalemba."

"Pulonto. Dinani guardar kuti zisungike. Tsopano zimitsani bokosi la papá, muwerenge mpaka khumi, muliyatsenso, kuti litenge malo ake atsopano."

Magetsi anali atalizimitsapo kambirimbiri, koma ndi dzanja langa ayi. Ndinagwada pansi pa tebulo n'kukanikiza kabatani. Kulira kuja kunatsika, kunatsika, kunatha. Ndinamva madontho a m'chidebe cha pakhonde. Ndinawerenga mothamanga, ndikuganiza kuti ndinadumpha zisanu ndi ziwiri, n'kukanikizanso. Linayamba kulira.

Uthenga wa Yara unalowa, kamzere ka zilembo zabuluu. Sindinakawerenge, ndinangodina ndi maso otsinzina. Nditatsegula maso, kagudumu kanali kakuzungulira. Tsambalo silikupezeka.

"Dikirani pang'ono, mwina silinamalize kudzuka. Yesaninso."

Ndinayesanso katatu.

"Mwasunga bwinobwino? Dzina mwalemba monga ndanenera?"

"Ndalemba. Ukundiyesa chitsiru?"

Anapuma mozama. Kumbuyo kwake munthu wina anamuitana ndi mawu aukali.

"Shefi, bwana wanga, akundifuna. Mamã, mverani. Mphezi ija mwina inafika m'kati. Bokosi likhoza kumalira, kanyale n'kumayaka, koma disiko yosunga mawuyo itapsa. Sindikunena kuti ndi choncho. Ndikungoti musaike mtima wonse pamenepo."

"Ndiuike pati?"

"Ndiimbanso mawa," anatero, n'kudula.

Ndinaima pakati pa balaza foni ili m'manja. Pawindo ndinaona mutu wa Cacilda kuseri kwa mpanda. Anali atakhala pa njerwa, pamalo ake a masiku onse pamene intaneti yanga imafika bwino, akuseka ndi foni yake. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatuluka.

"Cacilda!"

"Wawa, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Ukandiswetsa ndiwe? Unatenga nambala ya amuna anga."

Anadzuka pa njerwa paja, maso ali tong'o.

"Nambala yanji, amayi? Ine nambala ya malemu ndinalibe, ndikulumbira. Onani m'foni muno."

"Osati imeneyo! Mpando wawo! Unakhala pa mpando wawo iwo akuchedwa kudzuka!"

Anandiyang'ana mmene amamuyang'anira munthu amene mutu wayamba kumuzungulira. Ndinadzimva ndekha zimene ndinali kunena, koma pakamwa panali patathamanga kale. Ndinamuuza kuti akafune intaneti kwa amene anamutcha Bonita. Anatola nsapato zake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba yake. Cacilda ndi wolongolola, amabwereka mchere osabweza, koma kuyambira mu Juni ndi iye yekha amene ankandipatsa moni tsiku lililonse. Ndinadziwa zimenezo ndisanafike n'komwe pakhonde, ndipo ndinachita manyazi.

Nkhungu inayamba kutsika kuchokera kumapiri, monga imachitira kuno mvula ikafuna kubwera. Ndinalowa n'kukhala pampando uja. Dzanja sindinaliike pa bokosi. Ndinaganiza za miyezi isanu ndi umodzi imene kachizindikiro kaja kankagwira ntchito ine ndikuchita matama, ndikuwalanga anthu akufa. Tsopano Yara adzabwera ndi chisoni chake, Armindo adzabwera ndi nsapato yake, ndipo ine ndidzatsala ndi nkhope ya munthu yopanda mawu. Ndinalira, osati mokuwa ngati pamaliro, koma kulira koipa kwa munthu amene akudziwa kuti wadzichitira yekha.

Nditatopa ndinatenga foni kuti ndiizime. Uthenga wa Yara unali pomwepo. Ulendo uno ndinauyang'ana, chifukwa panalibenso choopa. Dzina lija linali pamenepo m'zilembo zazing'ono, kenaka kadontho, kenaka zilembo zitatu, l, a, n. Linkaoneka lamaliseche. Ndinadabwa kuti chikundisowetsa mtendere n'chiyani, mpaka ndinazindikira kuti likuyamba ndi p.

Ndinatsatira njira imene ndinalemba ndi pensulo ija n'kutsegulanso tsamba la rauta. Pamzere wachitatu Desconhecido panalibenso. Panali nambala yothera 50, ndi dzina limene ndinalemba ine: apascoal.

Ine ndinali nditaika a patsogolo. Ndikanalemba bwanji dzina la amuna anga popanda a? Dzanja linachita lokha, monga limachitira polandira chinthu kwa wamkulu, lina likugwira pamkono. Makina atakana mpata, ndinachotsa mpatawo, ulemu ndinausiya. Foni yanga inali ikuitana dzina lina, rauta ikudziwa dzina lina, ndipo makina sadziwa kuti a ameneyo si chilembo wamba. Kwa iwo anali anthu awiri osiyana.

Ndinadziwa chochita, ngakhale mwana akanadziwa. Ndinadina pa kampata ka Nome, n'kuika kamzere kothwanima kuseri kwa a uja. Kunatsala kudina kamodzi kuti afufutike, dzinalo lifanane ndi la Yara.

Chala chinakana. Mvula inali itayamba kale kugogoda pamalata. Ndinadziuza kuti ndi chilembo chabe, kuti iwo eni ake akanandiseka mpaka kugwira nthiti. Koma ndinawalanda zambiri amuna aja ali moyo, mtendere wa m'mawa, mawu omaliza pa mkangano uliwonse. Ichi chokha ndicho ndinawapatsa chathunthu, ndipo sindikanawavula lero kuti ndisangalatse kabokosi ka tinyanga. Ngati pali wofunika kusintha ndi foniyi. Iphunzire kuitana anthu bwino.

Ndinatseka tsamba la rauta osasintha kanthu. Ndinapita pamwamba pa foni, pa kampata kamene ndinalembapo nambala Lamulungu lija, n'kuyamba kulemba ndekha. Maso anali odzaza misozi, choncho ndinkatchula chilembo chilichonse kuti ndisalakwitse, monga ankatiphunzitsira kusukulu. A. Pa. Zilembo zinatha, ndipo pakamwa panangopitiriza pokha kuziphatikiza.

"A Pascoal."

Linamveka m'nyumba monse. Denga silinagwe. Linali dzina lofewa, lofewa kuposa mmene ndinkaliganizira zaka zonsezo, ndipo linandikwana m'kamwa ngati ndakhala ndikulitchula kuyambira kale. Ndinamva chisoni kuti sanalimve.

Ndinaika kadontho ndi zilembo zitatu zija, n'kudina.

Kagudumu sikanazungulire n'komwe. Tsamba loyera linatseguka, lodzaza masiku, mzere pansi pa mzere, mwezi pansi pa mwezi. Ndinakokera chala m'mwamba, masikuwo osatha. Sindinasankhe. Ndinadina pamene chala chinaima.

Poyamba kunamveka mphepo, ndi tambala wa kutali. Kenaka kukhosomola pang'ono.

"Lero ndi dia naini, Feverero. Mvula ya usiku, mamilimita khumi ndi asanu ndi awiri. Kachewere wa kumtunda wayamba maluwa, koma masamba ena akuda m'mphepete, ndiyenera kupopera Loweruka."

Anali iwo. Mawu okhuthala pang'ono, okokera kumapeto, otsika ngati munthu akukuuza chinsinsi pamene akungonena za masamba. Sindikudziwa kuti ndinawaiwala bwanji. Ndinagwira foni ndi manja awiri, osapuma, kuopa kuti mpweya wanga ungaphimbe liwu limodzi.

Kenaka, kumbuyo kwawo, chapatali, kunamveka mawu ena, aakazi, akuthwa ngati chikwanje.

"Mukulankhula ndi ndani m'mawa uno? Madzi osamba akuzizira apa! Nkhuni mumatola ndinu?"

Ndinali ine.

Iwo anaseka chapansipansi, n'kuyandikitsa pakamwa pafoni.

"Amenewo ndi a Nangozo," ananong'ona. "Musawaope. Madziwo adzuka mdima kuti anditenthetsere."

Kenaka anakweza mawu, kuyankha mkazi wa m'nyumba uja.

"Ndikubwera!"

Mawuwo anathera pomwepo. Ine ndinatembenuka n'kuyang'ana pakhomo.